Mutu 6: Babu la pa Thabwa

1. Malangizo a amalume

Loweruka limenelo amalume ake a Makutu sanathe kuvala nsapato. Phazi lawo lamanja linali litatupa kuyambira Lachinayi, pamene sipika yaikulu inawagwera akuitsitsa pashelefu. Anakhala pampando wawo wautali m'shopu yawo yokonzera mawailesi, phazi ataliika pakatoni, akuyang'ana kunja ngati munthu amene basi yamusiya.

Makutu anali mwana wa mlongo wawo. Dzina limeneli anamupatsa ndi iwo omwe, chifukwa ali ndi zaka khumi anamva kuti sipika ina inali yong'ambika pamene akuluakulu atatu ankalumbira kuti inali bwinobwino. Tsopano anali atalemba mayeso ake omaliza a sekondale, ndipo kwa miyezi inayi ankabwera kushopuko m'mawa uliwonse.

M'shopumo munali matebulo awiri. Loyamba linali la amalume. Lachiwiri linali lodzaza mawailesi akufa, ndipo Makutu ankafunitsitsa kuti likhale lake. Koma amayi ake anali ndi maganizo ena. Iwo ankafuna kuti mtsikanayo apite kwa azakhali ake kutali, akathandize kugulitsa nsalu.

"Ntchito ya mawaya imadyetsa ndani masiku ano?" anafunsa amayiwo tsiku lina. "Koma poti achimwene mwaumirira, muyeseni. Mtumeni yekha kokagula. Akabwera ndi katundu wooneka, akhale. Akabwera chimanjamanja, Lolemba lake akwera basi."

Amalume anavomera, poganiza kuti tsiku loyesa lili kutali. Phazi ndilo linafulumizitsa zinthu. Loweruka limenelo kunyumba ina ankagulitsa katundu wa malemu, ndipo kunamveka kuti malemuwo anasiya ampu yabwino, chipangizo chija chimakuza mawu asanafike kumasipika.

"Sendera kuno," anatero amalume. "Ndikuuza kamodzi kokha, chifukwa kumeneko sindikakhalako kuti ndikutsine."

Makutu anaika tsache pansi n'kusendera.

"Ukalowa m'nyumba ya malemu, uyambe wapereka moni ndi kupepesa. Ife timaona katundu, koma eni ake amaona munthu wawo. Usakweze mawu ponena mtengo, ndipo usanyoze chinthu pofuna kuti chitchipe. Ukatha kupereka moni ndiye uyambe ntchito. Choyamba ndi mphuno. Nunkhiza kumbuyo kwa ampu, pa timabowo take topumira. Fungo la fumbi si vuto. Ukamva fungo la chinthu chopserera, bwerera. Chachiwiri ndi mikono. Inyamule. Ampu yabwino imalemera, yopepuka ndi chitini chopaka utoto. Chachitatu ndi maso. Yang'ana mitu ya masikuluwu. Ikakhala yokandikakandika, dziwa kuti m'katimo munalowa kale anthu osadziwa ntchito."

Kenako anatambasula dzanja pansi pa tebulo n'kutulutsa kathabwa. Pakathabwapo panali soketi, swichi, waya ndi poika babu.

"Chachinayi ndicho chachikulu. Ampu imene yagona zaka zambiri usaipatse magetsi a pakhoma. M'kati mwake muli timitsuko tosunga moto. Tikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito timauma. Ukatithira magetsi onse nthawi imodzi timaphulika, ndipo nthawi zina timapita ndi zinzake. Magetsi azidutsa kaye pababu. Babu likawala kwambiri osazilala, zimitsa msanga, udikire, uyesenso. Likawala kenako n'kuyamba kuzilala, ndiye kuti ampu yadzuka. Ine zimenezi ndinaphunzira ndi misozi. Ndili mnyamata ndinapha ampu yokongola m'sitolo ya zakale, mwini sitolo akuona. Inangoti phu! Utsi uja mpaka lero ndimaumva pakhosi."

"Babu lake linapsa sabata yatha, amalume."

"Udzere kusitolo ya zakale. Mababu amakonowa sagwira ntchito imeneyi. Pamafunika lachikale, lija la kawaya m'kati."

Anamupatsa envelopu. Ndalama zimene zinali m'menemo sizinali zambiri, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

2. M'sitolo ya zakale

Sitolo ya zakale inali kuseri kwa malo okwerera basi. Munali kamdima ndiponso fungo la mabuku amene ananyowapo. Mipando inali itasanjikizidwa mpaka kudenga, miyendo ili m'mwamba. Pakona panali mulu wa makaseti opanda zikuto, mawotchi oima pa nthawi zosiyanasiyana, ndi mawailesi asanu amene Makutu anawanunkhiza kale masabata apitawo n'kuwasiya.

Sanataye nthawi pa mawailesiwo. Anapita pamene panali nyale zoika pambali pa bedi, n'kumasuzumira m'kati mwa iliyonse. Nyale yachisanu ndi chiwiri inali ndi chipewa chong'ambika, koma m'kati mwake munali babu lachikale. Analimasula n'kuligwedeza pafupi ndi khutu. Silinalire. Kawaya kake kanali kamoyo.

"Nyale simukuifuna?" anafunsa mwini sitolo, mayi wina amene ankaluka juzi kuseri kwa kauntala.

"Babu lokhali, amayi."

"Banja lanu ndi lodabwitsa. Anthu amagula nyale n'kutaya babu, inu mumagula babu n'kusiya nyale."

"Musadabwe, ameneyo ndi magazi a mmisiri uja," panamveka mawu kuseri kwa kabati.

Anatulukira a Jekete. Iwowa ankagula ndi kugulitsa zipangizo zakale za nyimbo. Ankavala jekete yaikulu ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo matumba ake anali olendewera chifukwa cha masikuludiraiva. Anthu ankati kulibe nyumba yogulitsa katundu imene iwo sankafikako oyamba.

"Mkulu uja ali kuti lero? Watumiza makutu okha, thupi lasiyidwa kushopu?"

"Avulala phazi, bambo."

"Ukawapepese. Ndiye akupatsa kathabwa kawo ka matsenga? Ine zaka makumi awiri ndili pa ntchito imeneyi, koma thabwa sindinanyamulepo. Tiye, njira yathu ndi imodzi. Lero uphunzira zimene kushopu saphunzitsa."

Makutu anakulunga babu lija m'mpango, n'kuliika m'thumba la malaya. Anawatsatira pambuyo, kathabwa ali nako kukhwapa.

3. Mkazi mnzanga

Panyumba ya malemu katundu anali atamutulutsira pakhonde ndi pabwalo. Panali mabedi, mapoto, njinga yakapalasa ndi makina osokera. Wogulitsa anali mwana wa malemu, bambo wa malaya oyera amene ankayang'ana wotchi pafupipafupi. Iye anachokera kutali, ndipo ankafuna kumaliza zonse tsiku lomwelo kuti amayi ake asamukire kunyumba yaing'ono.

A Jekete anathamangira patebulo pamene panali mawailesi ang'onoang'ono. Makutu anafunsa kaye kumene kunali mayi wa panyumbapo. Anawapeza pabalaza, atakhala pafupi ndi zenera, manja ali pamiyendo.

"Muli bwanji, amayi? Pepani ndi zimene zinakugwerani."

Mayi wamasiyeyo anamuyang'ana kwa kanthawi.

"Ndiwe woyamba kundipatsa moni lero. Enawa akupatsa moni mapoto. Ukufuna chiyani, mwanawe?"

"Ndinamva kuti bambo ankakonda nyimbo."

"Oho, wabwerera mkazi mnzanga! Uyo ali apoyo, wafunda nsalu. Muvundukule, sachita manyazi."

Makutu anachotsa nsaluyo pang'onopang'ono. Inali yosokedwa molingana ndi chimene inkaphimba, ngodya iliyonse ili m'malo mwake. Pansi pake panali ampu ya nkhope yasiliva, m'mbali mwake muli thabwa lonyezimira. Pamwamba panali choimbira zimbale, ndipo uku ndi uku kunaima masipika awiri omufika m'chiuno.

Mtsikanayo anali ataona maampu ambiri, koma yotereyi anali asanaionepo. Panalibe kachidindo ka chala ngakhale kamodzi. Kumbuyo kwake waya aliyense anali ndi kapepala komata, kolembedwa ndi zilembo zazing'ono zowongoka. Kena kanati, "Sipika ya kumanzere." Kena kanati, "Usakoke waya, gwira pulagi."

"Amuna anga amenewo ankagwira ntchito yopereka mankhwala kuchipatala," anatero mayiwo. "Chilichonse ankachimata kapepala. M'nyumba muno amene sanamatidwe ndine ndekha."

Makutu anaseka motsitsa mawu. Kenako anawerama n'kununkhiza pa timabowo. Munali fungo la fumbi lokha. Ananyamula mbali imodzi, ndipo mkono unamva kulemera. Anayang'ana masikuluwu. Onse anali osalala, ngati anamangidwa dzulo.

"Inalira liti komaliza, amayi?"

"Zaka makumi atatu ndinkapikisana naye ameneyu. Bambo akaweruka kuntchito, moni woyamba unali wa iyeyu. Amupukute, amumvetsere, amufunditse. Ine ndikadandaula ankati, 'Khala pansi timvere limodzi.' Ndiye zaka zisanu ndi zinayi zapitazo makutu awo anatseka. Tsiku lina anangomufunditsa, osamuvundukulanso. Koma kukutumula nsaluyo sanasiye mpaka sabata imene anatisiya."

4. Zonong'ona za a Jekete

A Jekete analowa pabalazapo pamodzi ndi mwana wa malemu. Ataona ampu ija maso awo anawala, koma msangamsanga anakwinya nkhope.

"Zachikale izi, bwana," anatero akugwedeza mutu. "Ana amakono amafuna zolowa m'thumba. Ndani akudziwa ngati zimalira n'komwe?"

"Zimalira," anayankha mwana wa malemu. "Bambo ankazisamala kuposa mmene ankatisamalira ife. Ndiyatsa muone nokha."

Soketi inali kuseri kwa kabati yolemera, choncho iye anatuluka kukafuna waya wautali. A Jekete anakokera Makutu pakona, kutali ndi mayi aja.

"Tamvera, mwana wa mmisiri. Ndamva zaka zimene yagona. Iwe ukudziwa, ine ndikudziwa, bwanayu sakudziwa. Ingokhala chete. Sunama, suba, sukhudza kanthu. Dzanja ndi lake, khoma ndi lake. Ikati phu, achita manyazi, aipereka ngati zinyalala. Iwe utenga ampu, ine masipika. Timitsuko tiwiri amalume ako asintha tsiku limodzi."

"Nanga tikapita ndi zinzake?"

"Ndiye mwapeza zitsulo zokonzera zina. Koma ikalira bwino pano, mtengo wake ngakhale titasonkha awirife sitingaufike. Ubwerera ndi kathabwa kako komweko. Ndamva kuti amayi ako akufuna ukapinde nsalu. Kapena ndinamva molakwa?"

Makutu anayang'ana kathabwa kake. A Jekete sanamve molakwa. Akanafika kushopu ndi ampu yotereyi, ngakhale yakufa, amayi ake akanasowa chonena.

Mwana wa malemu anabwera ndi waya uja. Anaulumikiza kuseri kwa kabati, n'kugwada pafupi ndi ampu. Anawerenga kapepala ka bambo ake, anamwetulira pang'ono, n'kugwira pulagi monga kanenera. A Jekete anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, manja ali m'matumba.

Pulagi inali itatsala pang'ono kulowa.

"Bambo, dikirani!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene Makutu ankafunira. Ngakhale anthu a pakhonde anacheuka.

5. Babu liwala

"Iwe ndiwe ndani?" anafunsa mwana wa malemu, pulagi ikadali m'manja.

"Musamumvere, bwana," analowerera a Jekete. "Ndi mwana uyu, ntchito wayamba dzulo."

"Msiyeni alankhule," anatero mayi wamasiye. "Nena, mwanawe."

Makutu anafotokoza za timitsuko touma. Anaonetsa kathabwa kaja, n'kupempha kuti amulole kudutsitsa magetsi pababu.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji? Ine ndili ndi anthu akundidikira kunjaku."

"Sindikudziwa, bambo. Mwina ola lathunthu."

"Ola!"

"Mkazi mnzanga wadikira zaka zisanu ndi zinayi," anatero amayi ake. "Iwe ola limodzi likupha? Mpatse pulagiyo."

Makutu anagwada pansi. Anamasula mpango, anamanga babu pathabwa, analowetsa pulagi ya ampu m'soketi ya pathabwapo, n'kulumikiza waya wa thabwalo ku waya wautali uja. Anapotoza chokwezera mawu mpaka pansi penipeni. Kenako anayatsa.

Babu linawala mbee, ngati layatsidwa padenga. Silinazilale. Makutu anazimitsa msanga.

"Mwaona, bambo? Moto umenewo ukanalowa wonse m'katimo."

Mwana wa malemu anayang'ana babu, anayang'ana ampu, kenako anayang'ana a Jekete.

Mtsikanayo anadikira mpaka babu litazizira moti n'kuligwira ndi zala. Anadikiranso pang'ono, n'kuyatsa kachiwiri. Linawalanso kwambiri. Anazimitsa. Anthu amene anabwerera mapoto ndi mabedi anayamba kudzaza pakhomo.

"Bwerani nonse, lero tikuotha babu," anatero a Jekete. Ena anaseka. A Jekete anatuluka, ndipo pakhonde panamveka mawu awo akunenerera mawailesi ang'onoang'ono aja.

Kachitatu babu linachita chikasu pang'ono. Kachinayi linagwedera ngati likufuna kutsika, koma linabwereranso. Thukuta linatsika pachipumi cha Makutu, koma dzanja lake silinachoke paswichi. Sanafulumire, ndipo sanayang'ane munthu aliyense.

Kachisanu babu linawala, linaima kanthawi, kenako linayamba kutsika. Linachoka pa kuyera n'kufika pa chikasu, linachoka pa chikasu n'kufika pa kufiira kwa khala lotsala pang'ono kuzima. M'kati mwa ampu munamveka kuti khethe. Pankhope yake yasiliva panayaka kanyale kobiriwira.

"Yadzuka," anatero Makutu chapansipansi. "Koma tiisiye ipume kaye choncho."

Anaisiya kwa nthawi ndithu. Atakhutira, anayesanso choimbira zimbale pababu lomwelo, ndipo chinazungulira bwino. Mayi wamasiye anaimirira okha, anatsegula kabati, n'kusankha chimbale chimodzi osawerenga n'komwe chikuto chake.

Singano itatera, poyamba panamveka kuthetheka kochepa. Kenako linalowa lipenga. Makutu anali atatsegula mawu pang'ono chabe, komabe lipengalo linadzaza chipinda chonse. Gitala anamveka kumanja, ng'oma kumanzere, ndipo pakati penipeni pankamveka ngakhale mpweya wa woimba lipenga akamapuma. Munthu akanatseka maso akanalumbira kuti oimbawo aima pafupi ndi kabati.

Mwana wa malemu anakhala pansi pasimenti, malaya oyera omwewo, ndipo wotchi anaiiwala.

Nyimbo itatha, bambo wina amene anabwerera bedi anatchula mtengo. Wina anatchula woposa pamenepo. Mitengo yonse iwiri inali kutali ndi envelopu ya Makutu.

"Sakupita," anatero mayi wamasiye. "Mkazi mnzanga ndisamuka naye."

"Amayi, kunyumba kuja malo kulibe," anatero mwana wawo.

"Ndiye gulitsa kabati. Ine ndinkayesa kuti anafa limodzi ndi bambo ako. Munthu wamoyo sindingamugulitse."

Makutu anapempha pepala ndi cholembera. Analemba kuti ampu iziyatsidwa kamodzi pa sabata, mawu ali otsika poyamba, ndiponso kuti mmisiri adzaone timitsuko tija mwezi usanathe. Mayiwo anawerenga, n'kumata kapepalako pambali pa timapepala ta amuna awo.

"Bambo akanakukonda iwe," anatero. "Mukanatha tsiku lonse mukukambirana za mawaya, ine ndili pambali."

Pamene Makutu ankatuluka, tebulo la mawailesi ang'onoang'ono linali lopanda kanthu. A Jekete anali atamangirira onse panjinga ya malemu, imene anaigulanso.

"Wataya chakudya cha anthu awiri lero," anatero akumanga chingwe. "Mawa ogula onse adziwa kuti mwana wa mmisiri amaononga msika. Ukapereke moni kwa azakhali."

6. Chimanjamanja

Dzuwa linali litapendeka pamene Makutu anafika kushopu. Anaika kathabwa patebulo la amalume. Pambali pake anaika envelopu ija.

"Ndabwera chimanjamanja, amalume."

"Ndikuona. Khala pakatoni apo, unene zonse. Usadumphe."

Makutu ananena zonse. Ananena za nsalu yosokedwa, za timapepala, za zimene a Jekete anamunong'oneza, ndiponso kuti iye sanawayankhe nthawi yomweyo. Amalume anamvetsera maso ali pansi.

"Babu linazilala kachingati?"

"Kachisanu."

"Pakati unkadikira bwanji?"

"Mpaka lizizire loti ndingaligwire, kenako pang'ono pena."

"Zimenezo anakuuza ndani? Ine sindinanene."

"Palibe. Ndinalibe wotchi, ndiye ndinati babu lomwelo lizindiuza."

Kunja kunadutsa galimoto yolengeza malonda, sipika yake ikulira mosasa mawu, ndipo onse awiri anakwinya nkhope nthawi imodzi.

"A Jekete ananena zoona pa chinthu chimodzi," anatero amalume pomaliza. "Ampu imeneyo ndikanaikonza. Ndikanakuyamikira, ndikanakupatsa tebulo, osadziwa kuti unaionerera ikufa. Chimenecho ndicho chikundiopsa. Mvetsa, mwana wa mlongo wanga. Anthu amatibweretsera zinthu zimene iwo sangathe kuziona m'kati. Amatisiyira n'kumapita. Ndikawauza kuti chafa ndi ichi, amakhulupirira, chifukwa alibe njira yonditsutsira. Ntchito yathu yonse yagona pamenepo. Wodziwa kugula motchipa ndingamupeze pamsewu paliponse. Koma munthu woti ndingamusiyire wailesi ya mwini wake, ine n'kutembenuka, ndakhala ndikumufuna zaka zambiri. Ndinaphunzitsapo anyamata atatu. Manja anali nawo abwino. Onse ndinawachotsa."

Analoza tebulo lachiwiri.

"Chotsa mawailesi akufawo. Uwaike pansi pa shelefu, aakulu kumbuyo."

Makutu anaimirira, koma sanasunthe.

"Nanga amayi? Paja munagwirizana."

"Tinagwirizana, ndipo ndinalakwa kuvomera. Ndinalola kuti uyesedwe ndi muyeso wa a Jekete. Amayi ako ndi mlongo wanga, ndinawabereka kumsana ali khanda. Ndilankhula nawo. Sindikulonjeza kuti andimvera, paja mutu wawo ndi wouma ngati wangawu. Chotsa mawailesiwo."

Mtsikanayo anayamba kunyamula. Wailesi iliyonse inkasiya chizindikiro chake pafumbi la patebulo. Anapukuta ndi kansalu, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti tebulolo linali la thabwa lofiira, lokhala ndi timabala ta mtovu wotentha ta anthu amene anagwirirapo ntchito kale.

Atanyamula wailesi yomaliza, anayang'ana pazenera n'kuima chilili. Amayi ake ankawoloka msewu. M'manja ananyamula chikwama chaulendo chatsopano, pepala la mtengo likulendewerabe pachogwirira.

Amalume nawonso anaona. Anatsitsa phazi lotupa lija pakatoni, anagwira tebulo, n'kuimirira akuluma mano. Kenako anakankha mpando wawo wautali, umene panalibe munthu wina anakhalapo, mpaka unafika patebulo lachiwiri.

"Khala. Wailesi ili m'manja mwakoyo itsegule. Akupeze uli pantchito."

Makutu anakwera pampandopo. Mapazi ake sanafike pansi. Anatembenuza wailesi, anasankha sikuludiraiva yolingana ndi mutu wa sikuluwu, n'kuyamba kupotoza mosamala kuti asakande.

Sikuluwu yoyamba inali itangomasuka pamene chikwama chinatera pakhomo.

"Achimwene," anatero amayi ake, osamuyang'ana mwanayo, "ndionetseni katundu amene wabwera naye."